Sikirini yosankhira nyimbo pabalaza: mainchi angati, ndipo tiziyendetsa ndi chiyani?

Wa_ku_Nchalo

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pabalaza pali sabuufa ya masipika awiri ang'onoang'ono, yolandira Bluetooth, fulashi, memori khadi ndi waya wa aux. Nyimbo zilipo zopitirira 2,000, zauzimu, zakwaya, zachikale ndi za anyamata a masiku ano, zonse zasakanikirana mufulashi imodzi. Kasikirini ka pasabuufa kamangoonetsa nambala, ndiye kupeza nyimbo imodzi ndi ntchito ya tsiku lonse. Ndikufuna chinthu chokhazikika choti aliyense m'nyumba, kuyambira ana mpaka agogo awo, azisankhirapo nyimbo popanda kubwereka foni yanga.

Balaza ndi la mamita 4 kwa 5, mipando ili mamita atatu kuchokera pomwe pali sabuufa. Nyumba ndi yamalata, ilibe siling'i. Magetsi akathima timagwiritsa ntchito batire ya sola ya 12V, 50Ah. Kodi foni yakale ikwanira, kapena ndigule tabuleti? Ya mainchi 7, 8 kapena 10? Ena akuti ndingolumikiza ku TV. Chabwino nchiti?

Mmisiri_wa_Dyeratu

Achimwene, musanafunse za mainchi, yambani mwadziyankha funso ili: sikiriniyo izikhala m'manja kapena pakhoma? Zimenezi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yogwira m'manja imakhala masentimita 30 mpaka 40 kuchokera kumaso, ndipo ngakhale foni imawerengeka. Yoti muziiwerenga muli khale pampando mamita atatu imafuna zilembo zotalika pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, chifukwa chilembo chimawerengeka bwino chikatalika gawo limodzi mwa magawo 200 a mtunda womwe mwakhala. Pa tabuleti ya mainchi 10, zilembo zoterozo zingokwana dzina la nyimbo ndi la woimba, basi. Mndandanda wa nyimbo simungauwerenge muli kumpando, olo mugule tabuleti yaikulu bwanji. Ndiye musalipire mainchi ambiri poganiza kuti muzisankha muli patali. Mudzanyamukabe.

Mainchi amene amalemba pabokosi amayesa chopingasa, kuchokera ngodya ina kufika ngodya ina, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Apa mpamene ambiri amapusitsika. Foni ya mainchi 6.5 ya masiku ano ndi yaitali koma yowonda: masentimita 15 m'litali, osakwana 7 m'lifupi. Tabuleti ya mainchi 7 ndi masentimita 15 kwa 9 ndi theka. Pa nambala zikusiyana theka la inchi lokha, koma malo ogwirapo chala akuchuluka ndi magawo anayi mwa khumi. Ya mainchi 8 ndi masentimita 17 kwa 11, ya mainchi 10.1 ndi pafupifupi 22 kwa 13 ndi theka, kuchulukitsa malo a foni ija pafupifupi katatu.

Kwa inu ndinganene mainchi 8. Chifukwa chake ndi chala, osati maso okha. Batani la pasikirini lifunika lisachepere mamilimita 9 mbali zonse kuti chala cha munthu wamkulu chisamagunde awiri nthawi imodzi, ndipo kwa agogo ndibwino kulikulitsa kuposa pamenepo. Mukakulitsa zilembo pafoni, mzere umodzi umadula dzina la nyimbo pakati, ndiye nyimbo zakwaya zomwe mayina ake amayamba mofanana zimaoneka ngati imodzi. Pa mainchi 8 mumakulitsa zilembo, dzina nkukwanabe lonse, ndipo nyimbo khumi kapena kuposerapo zimaoneka nthawi imodzi. Ya mainchi 10 ubwino wake ndi woti mukaigoneka cham'mbali imaonetsa mafoda kumanzere, nyimbo kumanja. Koma imalemera pafupifupi theka la kilo, mwana amaigwira ndi manja awiri, ndipo ikagwa pasimenti galasi lake limasweka msanga kuposa laling'ono.

Poona sikirini mushopu, kaya ku Limbe kaya kuno, ipendekeni muiyang'ane cham'mbali. Ikada kapena mitundu ikasintha, ndi ya mtundu wa TN, isiyeni. Funani yolembedwa IPS, chifukwa mwana wamfupi ndi munthu wamtali aziiona kuchokera mbali zosiyana. Madontho 1280 kwa 800 akukwana pa mainchi 8. Ya 1024 kwa 600 zilembo zing'onozing'ono zimaoneka zamanomano.

Za TV zija, ingatheke, koma TV ya mainchi 32 imadya mawati 30 mpaka 50 kungoti ikuonetseni mayina a nyimbo, pomwe tabuleti imadya osapitirira 5. Komanso kufunafuna nyimbo pakati pa 2,000 ndi mivi inayi ya rimoti ya TV, mtima umatha.

Mayi_a_Sola_Ngabu

A Dyeratu anena zoona pa mainchi, koma asiya chomwe chimapha zipangizozi kuno kuchigwa: kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala, Ngabu, Nchalo ndi Nsanje zimadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba yamalata yopanda siling'i, mpweya wa pafupi ndi denga umatentha kuposa panja. Mafoni ndi matabuleti ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, ndipo batire ya lithium siyenera kutchajidwa ikadutsa madigiri 45. Tabuleti yokhomeredwa pakhoma, yolumikizidwa kutchaja usana ndi usiku, batire yake imakhala yodzaza 100 peresenti ili pamoto. Zinthu ziwirizi zikakumana, batire imafufuma. Chizindikiro choyamba, galasi limayamba kutukuka m'mbali kapena tabuleti siigona bwino patebulo. Mukaona zimenezo izimitseni, musaiboole, musaipanikize kuti ibwerere m'malo mwake, itha kuyaka.

Ndiye bambo a ku Nchalo, mukasankha tabuleti chitani izi. Muiike pansi ndithu, pa msinkhu wa pachifuwa cha munthu woima kapena kutsikirapo, pakhoma lamkati, osati lomwe dzuwa lamasana limaombapo kunja kwake. Isakhale pamwamba pa sabuufa, chifukwa ampulifaya imatulutsa kutentha kwake, komanso kugunda kwa besi kumayendetsa tabuleti pang'onopang'ono mpaka igwe. Kumbuyo kwake kusiyidwe mpata wa zala ziwiri kuti mpweya uzidutsa, ndipo chikopa chokhuthala cha labala chija chichotseni ngati yakhazikika pachoimikira. Mukapita ku Settings, gawo la Battery, matabuleti ena ali ndi malo oletsa kutchaja kupitirira 80 kapena 85 peresenti. A Samsung ambiri ali nacho chimenechi. Yatsani. Ngati mulibe, muzitchaja m'mawa kukadali kozizira nkuzula, masana iziyenda ndi batire yake.

Kuwala kwa sikirini ndiko kumadya moto kwambiri ndipo ndiko kumatenthetsa. Kuikeni pa theka kapena kuchepera, sikirini izizima yokha pakatha mphindi imodzi. Nyimbo zimapitirira kuimba sikirini itazima. Ichi nchifukwa china chomwe ine sindiikira kumbuyo mainchi 10: nyali yake yakumbuyo ndi yaikulu, kutentha kwake nakonso.

Pa batire yanu ya 50Ah tiwerengere. 12V kuchulukitsa ndi 50 ndi ma watt-hour 600, koma ngati ndi batire ya asidi, siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye anu enieni ndi 300. Tabuleti ya mawati 4 kwa maola 6 yadya 24 okha. TV ya mawati 40 kwa maola omwewo yadya 240, sabuufa isanalawe kalikonse, mababu asanayake. Nkhani ya TV yathera pomwepo. Ndipo musatchaje tabuleti kudzera pa inveta: kukweza 12V kufika 230V kenako nkutsitsanso ku 5V ndi kutaya moto kawiri, ndipo inveta imadya yokha ngakhale palibe cholumikizidwa. Gulani tchaja ya m'galimoto yotulutsa 5V, 2A, ndi soketi yake, muike fyuzi ya 3A pawaya wofiira pafupi ndi batire. Amene anali kuno 2022 namondwe Ana ataononga damu la magetsi la Kapichira akudziwa kuti chipangizo choyenda ndi 12V mwachindunji ndi chomwe chimaimbabe zinthu zikavuta.

Fumbi la mu Seputembala ndi thukuta la m'manja nazonso zimasokoneza. Sikirini zamakono zimamva chala kudzera m'magetsi a m'thupi, ndiye dontho la thukuta kapena madzi limaoneka ngati chala china, nyimbo nkumadumpha zokha. Kansalu kouma kazikhala pafupi. Pobowola pa USB pakadzaza fumbi tchaja imagwira mosakhazikika. Chotsani ndi kamtengo kotokosera mano tabuleti itazima, osati singano.

Nyakwawa_wa_Mawaya

Ine nditsutsako pang'ono, mundikhululukire amayi ndi achimwene. Mwakambirana sikirini ngati kuti munthu akamamvera nyimbo amakhala akusankhasankha nthawi zonse. Ayi. Zochita khumi zilizonse, zisanu ndi zinayi ndi izi: kweza, tsitsa, imitsa, dumpha. Zinayi zimenezi batani lenileni logwirika limaposa sikirini iliyonse. Mlendo akagogoda kapena foni ikalira, agogo safuna kudzutsa tabuleti, kuchotsa loko, kufuna pomwe pali kabatani. Afuna kudina kamodzi osayang'ana. Choncho rimoti ya sabuufa musaitaye. Sikirini ikhale yosankhira, rimoti ikhale yoyendetsera.

Zimagwirizana chonchi: tabuleti ikalumikizidwa ndi Bluetooth, mabatani a play, next ndi previous a parimoti ya sabuufa amatumiza lamulo kubwerera ku tabuleti kudzera m'njira yotchedwa AVRCP. Masabuufa ambiri amatero, koma si onse, ndiye yesani ndi foni yanu lero lomwe musanagule kanthu: imbani nyimbo pa Bluetooth, dinani next parimoti, muone ngati foni yasintha nyimbo. Pa waya wa aux zimenezi sizitheka. Pamenepo rimoti imangolamula voliyumu.

Rimoti ikamavuta, kawirikawiri si yakufa. Imagwiritsa ntchito kuwala kwa infrared, komwe kumafuna njira yowongoka, ndipo dzuwa likamawalira pa kadiso ka sabuufa limaphimba kuwalako. Lozetsani rimoti ku kamera ya foni nkudina. Mukaona kakuwala kofiirira kakuphethira, rimoti ili moyo. Mabatire otchipa amatuluka madzi ndi kutentha kwathu kuno nkudya tizitsulo. Mukaona ufa woyera, pukutani ndi thonje lonyowetsa viniga pang'ono, umitsani bwino.

Ndipo tinene zoona, vuto lanu lalikulu si kuchepa kwa sikirini. Ndi nyimbo 2,000 zothiridwa malo amodzi ngati chimanga munkhokwe. Mukazisamutsira ku tabuleti zili choncho, mudzangokhala ndi chisokonezo chooneka bwino. Khalani pakompyuta tsiku limodzi. Pangani mafoda osapitirira khumi, mayina afupiafupi oyamba ndi nambala: 01 Kwaya, 02 Zauzimu, 03 Zachikale, 04 Zaukwati, motero. Nyimbo zokopedwa kwa anyamata oika nyimbo pamsika zambiri zimabwera ndi mayina ngati Track 07, kapena ndi dzina la webusaiti pamalo pa dzina la woimba. Mkati mwa fayilo ya MP3 muli timizere tonyamula dzina la nyimbo ndi la woimba, totchedwa ID3. Pulogalamu yaulere ya Mp3tag imakonza mazanamazana nthawi imodzi. Mukapanda kukonza, pulogalamu ya patabuleti idzaunjika theka la nyimbo zanu pansi pa Unknown artist.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa: sabuufa yowerenga fulashi siitsata afabeti. Imaimba motsatira ndondomeko yomwe mafayilo analowera mufulashimo. Nchifukwa chake nambala 45 ya lero imasanduka nyimbo ina mukafufuta zina nkuwonjezera zatsopano. Mukafuna manambala okhazikika, fomatani fulashi ku FAT32 (imodzi mwa njira zomwe fulashi imasungira mafayilo), kenako kopani foda imodziimodzi motsatana, osati zonse pakamodzi. Masabuufa ambiri sawerenga njira zina monga exFAT kapena NTFS, ndipo fulashi yoposa 32GB imabwera ili exFAT, ndiye musadabwe ikalemba NO kapena kungokhala chete. 16GB ikukwanirani: MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, ndiye nyimbo 2,000 za mphindi zisanu ndi 10GB. Mukatero lembani pakapepala nambala yomwe foda iliyonse ikuyambira, matani pambali pa sabuufa. Tsiku lomwe tabuleti yatha moto, agogo adina 301 parimoti, kwaya yayamba.

Kamnyamata_ka_Pi

Kwa amene amakonda kusewera ndi mawaya pali njira ina. Kakompyuta ka Raspberry Pi, 3B+ kapena 4, mumaikamo pulogalamu yoimbira nyimbo ya Volumio kapena moOde pa memori khadi, nyimbo zili mufulashi, waya nkupita kusabuufa. Ubwino wake, mulibe batire yofufuma, ndipo foni iliyonse m'nyumba imasanduka rimoti: mumatsegula browser, kulemba adiresi ya IP ya kachipangizoko, mndandanda wonse ukuoneka. Intaneti siifunika, bandulo siidyeka, pamangofunika Wi-Fi ya m'nyumba. Volumio ikapanda kupeza netiweki imatha kutulutsa hotspot yakeyake. Sikirini yovomerezeka ya Pi ya mainchi 7 inatuluka mu 2015, madontho 800 kwa 480; yachiwiri ya 2024 ili ndi 720 kwa 1280.

Koma ndisakunamizeni bambo, kwa inu si njira yoyamba. Madontho 480 kuchokera pamwamba kufika pansi ndi ochepa, nyimbo zowerengeka zokha ndi zomwe zimaoneka. Pi imafuna 5V yokhazikika, 2.5A pa 3B+ ndi 3A pa Pi 4, ndipo moto ukadukira pakati ikulemba, memori khadi imatha kuonongeka nkukana kudzuka. Ikafika madigiri 80 imadzichepetsa liwiro, ndiye kuno imafuna tizitsulo tozizitsira ndi bokosi lotseguka, lomwenso nyerere ndi mphemvu zimalikonda chifukwa cha kufunda. Mawu otuluka pa jaki yake si abwino kwenikweni, mumawonjezera kachipangizo kotulutsa mawu ka pa USB kotchedwa DAC. Ikavuta, woikonza simumupeza pa Nchalo kapena pa Bangula ngati momwe mungapezere wokonza foni.

Wa_ku_Nchalo

Takhuta nonse. Ndayesa zija anena a Nyakwawa, next ya parimoti ikusintha nyimbo pafoni. Ndipita pa mainchi 8. Mafunso awiri otsala: pulogalamu iti yosavuta kwa ana ndi agogo, ndipo nchifukwa chiyani pa aux pamamveka kulira kwa "zzz" foni ikakhala pa tchaja?

Mmisiri_wa_Dyeratu

Tiyambe ndi kulirako. Foni ikakhala pa tchaja, nthawi yomweyo ili pa aux, ndipo tchaja ndi sabuufa zikudya pagwero limodzi, waya wa negetivu umalumikizana njira ziwiri: kudzera kumagetsi ndi kudzera mu aux. Phokoso la mutchaja limayenda m'njira yachiwiriyo nkulowa mu ampulifaya. Pa sola ya 12V limakula kwambiri chifukwa zonse zagwira negetivu imodzi ya batire. Kutsimikiza nkosavuta: zulani tchaja nyimbo ili chiimire. Kulira kukasiya, ndi zimenezo. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, kamene kamalowa pakati pa waya wa aux, kamapezeka kwa ogulitsa mawailesi a m'galimoto. Kulira kukapitirira tchaja itazulidwa, waya ndiye wadwala. Sinthani ndi wa jaki ya mizere iwiri yakuda, osati itatu ya mahedifoni okhala ndi maiki, ndipo usatalike kupitirira mamita awiri. Komanso voliyumu ya tabuleti ikhale pamwamba, cha m'ma 80 peresenti, ya sabuufa ndiyo izitsika. Mukachita mosemphana mumakweza phokoso pamodzi ndi nyimbo.

Poti rimoti yanu yavomera, ingokhalani pa Bluetooth, vuto limeneli kulibeko. Imafika mamita 10 pamalo otseguka, khoma la njerwa zootcha limadula kwambiri, ndiye tabuleti isamapite kukhonde kapena kukhitchini yakunja. Chovuta chake nchakuti sabuufa imalumikizana ndi chipangizo chomwe yachipeza koyamba mwa zomwe ikuzidziwa. Pitani m'mafoni onse a m'nyumba muchite Forget pa dzina la sabuufa, apo ayi mauthenga a WhatsApp a mwana wanu adzamveka balaza lonse. Voliyumu ikamalumpha kwambiri mukadina kamodzi, ku Settings, mu Developer options, muli Disable absolute volume. Yatsani, zimitsani Bluetooth nkuyatsanso.

Pulogalamu, ikani Musicolet. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, siifuna intaneti, ndipo imaonetsa mafoda momwe mwawakonzera. VLC nayo ndi yaulere ndipo imaimba pafupifupi mtundu uliwonse wa fayilo, koma imasakaniza mavidiyo, ana adzasochera komweko. Mu Musicolet bisani matabu ena onse, musiye Folders, Now playing ndi Search. Ku Settings ya tabuleti, pa Display, kwezani Font size ndi Display size sitepe imodzi kapena ziwiri, muitane agogo awerenge ali chiimire pomwe aziima. Akatsinzinira diso, kwezaninso. Chotsani loko ya pini kuti batani limodzi lizidzutsa sikirini. Tsekani auto-rotate kuti isamatembenuke mwana akaigwedeza. Pa Battery, pulogalamuyi muipatse Unrestricted, chifukwa matabuleti ena amaipha pakapita mphindi zingapo sikirini itazima, nyimbo nkuima popanda chifukwa chooneka.

Chomaliza ndi App pinning, chomwe chimapezeka pansi pa Security. Ena amalemba Screen pinning. Mukachiyatsa nkukhomerera Musicolet, mwana sangatuluke mosavuta kupita ku magemu kapena kukamera. SIM khadi musaikemo, Wi-Fi izikhala yozima. Nyimbo ziikeni pa memori khadi, osati mkati mwa tabuleti, ndipo fulashi ija ikhale ndi kope lake, yosungidwa m'kabotolo kotseka pamwamba pa kabati. Madzi akalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, tabuleti mudzanyamula m'thumba, koma ntchito yokonza mayina 2,000 ija simungafune kuibwereza.

Mayi_a_Sola_Ngabu

Kuwonjezera pang'ono pa choimikira. Musagule chomatira ndi guluu kapena tepi ya mbali ziwiri. Ndi kutentha kwa Novembala guluu amafewa, tabuleti nkugwa usiku. Kalipentala akupangireni kashelefu ka thabwa kotalika masentimita 22, kokhala ndi kamlomo kutsogolo ka sentimita imodzi ndi kabowo pansi kodutsira waya wa tchaja, kokhomedwa ndi zomangira ziwiri pa mita imodzi ndi masentimita 20 kuchokera pansi. Tabuleti itsamire chambuyo pang'ono, kuti galasi lisamabweze kuwala kwa pakhomo. Waya wa tchaja mumange ndi kachingwe kushelefuko, kuti mwana akakoka, mphamvu igwere pathabwa osati pa USB.